Chikole cha M'munda mwa Bambo

Chimakina chosalazira msewu chinakhala m'munda mwa bambo anga mvula ziwiri. Chinali chachikasu, chachitali kuposa denga la khola lathu, ndipo chinaima pamalo pomwe mbatatesi zinkabereka bwino kuposa pena paliponse, m'munsi mwa mitengo ya paini. Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Nthawi imeneyo n'kuti nditabwerera kumudzi kwathu, kumtunda kwa Bembeke, ukwati utandikanika. Ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya kuseri kwa phiri. Amayi anali atatisiya kale, choncho pakhomo tinali awiri, ine ndi bambo, kuphatikizapo ng'ombe ziwiri zapangolo, yakuda ndi yamawanga. Bambo ankazilankhula ng'ombezo mwaulemu kuposa momwe ankandilankhulira ine, ndipo sindinkadandaula, chifukwa ndizo zinandiphunzitsa sukulu. Fizi yanga yonse inachokera pamakosi pawo: kututa chimanga cha anthu, kunyamula njerwa, kutsitsa matumba a mbatatesi kupita nawo kumsewu waukulu.

Kampani yomwe inabweretsa chimakinacho inabwera mvula itangosiya. Inati yapatsidwa ntchito ndi boma yomanga mlatho pamtsinje wathu ndi kusalaza msewu, kuti malole azifika m'mudzi ngakhale nthawi ya dzinja. Kapitawo wake anali munthu wa m'tauni, wovala majekete awiri, wodandaula za chisanu chathu ngati tinachita kumupangira dala. Ankafuna munthu wa ngolo woti azibweretsa mchenga ndi miyala yoswaswa. Aliyense anamulozera kwa bambo.

Anabwera ndi pepala lachingerezi, lokhala ndi chidindo chofiirira pansi pake. Bambo anandiitana m'khitchini.

"Aphunzitsi, tabwerani mutiwerengere. Paja ng'ombe zanga zinavutikira zimenezi."

Ndinawerenga ndikumasulira. Munali mzere wina wonena kuti kampani izilipira anthu ake ikalandira ndalama zake kuchokera kwa mwini ntchito. Mzerewo ndinauona. Ndinauwerenga mothamanga, ngati mmene munthu amadumphira kachithaphwi kakang'ono panjira.

"Ndalamazo zizichokera kuti?" anafunsa bambo.

"Ku boma."

"Ndiye zili bwino?"

"Bambo, boma silithawa. Lithawira kuti?"

Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga ine, wophunzira wa pakhomopo, ndipo ndinawanena monyada. Bambo anadinda chala.

Miyala sakanaiswa okha. Anasonkhanitsa amayi a mumphakati wathu, aja tinkapemphera nawo Lachinayi masana, n'kugwirizana kuti iwo aziswa, bambo azinyamula, ndipo kampani ikalipira bambo ndiwo azigawa. Wotsogolera amayiwo anali msuweni wa bambo, mayi wamasiye wokhala kutsidya kwa mtsinje, wamawu aakulu, woti akaseka agalu ankauwa. Awiriwa sankapatsana moni wabwino chibadwire.

"Asuweni, mwadzuka? Ndimayesa mwafa, ndabwera kudzatenga ng'ombe zanga."

"Pitani uko, mfiti inu. Mukafa ndinu ndidzakunyamulani pangolo, koma mudzalipira."

Mwezi wa Juni wonse ndinkamva nyundo zawo ndili m'kalasi, kho, kho, kho, kuchokera m'nkhungu ya paphiri. Manja a amayiwo anang'ambika ndi chisanu mpaka ankawamanga nsanza. Bambo akatsitsa ngolo imodzi pamlatho ankaponya kamwala m'chitini cha mkaka, chifukwa zolembalemba sankazikhulupirira. Mwezi woyamba kampani inalipira zonse, ndipo asuweni aja anagula nsapato zapulasitiki n'kubwera kudzationetsa. Mwezi wachiwiri inalipira theka. Wachitatu kapitawo anati cheke sichinatuluke kulikulu, koma amayi apitirize kuswa chifukwa chikatuluka chidzatuluka chonse pamodzi. Anapitiriza miyezi ina iwiri.

Kenako malole a kampani anasiya kubwera, ati dizilo wasowa. Amisiri anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina ndi wilibala, wina ndi fosholo. Mlatho unatsala zipilala ziwiri zokhala ndi zitsulo zoloza kumwamba. Tsiku lina masana kapitawo anafika pakhomo pathu atapinda kapu yake m'manja. Anati akupita kukakankha za malipiro, abwera pakatha milungu iwiri, koma akuopa kusiya chimakina chija m'mbali mwa msewu chifukwa akuba angachotse batire. Anapempha kuti chikhale m'munda mwathu.

Ndinaona maso a bambo akuwala. Kwathu kuno ngongole imayenda ndi chikole. Wobwereka chimanga amasiya khasu, wobwereka ndalama ya kuchipatala amasiya njinga kapena wailesi. Chikole chimayenera kuposa ngongoleyo, kuti mwini wake asapeze tulo mpaka atadzachiwombola. Wochisunganso ali ndi lamulo lake: sachigwiritsa ntchito, sachiwononga, sachigulitsa pokhapokha mwini wake atakana kulipira pamaso pa mboni. Bambo anakula ndi mwambo umenewu ndipo unali usanawagwiritsepo fuwa lamoto.

"Chikhale," anatero. "Koma kiyi musiye kuno."

Kapitawo anaseka pang'ono, n'kupisa m'thumba, n'kupereka. Sanakanekane ngakhale mwachinyengo. Zimenezo zinandivutitsa, chifukwa munthu wosiya chinthu chake chenicheni amachita kaye makani. Bambo anakoloweka kiyiyo pamsomali womwe pankakhala kolona yawo.

Mawa lake asuweni anabwera ndi amayi ena atatu, n'kukhala pamkeka osadikira kuuzidwa.

"Tamva kuti mwagwira chikole chanu, chachikulu ngati tchalitchi," anatero. "Nanga ife tigwire chiyani? Ife kampani sitikuidziwa. Amene anatiitana ndinu."

"Kampani ikalephera, ng'ombe zanga zilipo," anayankha bambo mosavuta, poti m'mutu mwawo kampani sikanalephera.

"Ng'ombe sindingazisunge, ndilibe khola. Goli lizigona kwanga."

Onse anaseka, bambonso anaseka. Koma goli linapitadi. Linali la mtengo wolimba, losemedwa ndi bambo awo a bambo, losalala pomwe makosi a ng'ombe ankakhudza. Kuyambira tsikulo, pakapezeka ganyu ya ngolo, bambo ankayamba apalasa njinga kupita kutsidya kukabwereka goli lawo lomwe, dzuwa likapendeka n'kukalibweza. Miyezi yoyambirira zinali zoseketsa. Asuweni ankawafunsa ngati abwera ndi kalata yopempha.

Milungu iwiri ya kapitawo inasanduka miyezi. Foni yake poyamba inkaitana osayankhidwa, kenako inasiya n'kuitana komwe. Mvula inagwa, mtsinje unadzaza, mulu wa miyala ya amayi aja unayamba kukokoloka pang'onopang'ono kulowa m'madzi.

Chaka chimenecho zinthu zambiri zinayamba kuima chimodzimodzi, ndipo ndinkaziona chifukwa mtima wanga unali kale m'mwamba. Chipinda chatsopano cha pasukulu pathu chinathera pamawindo, omanga osabweranso. Malipiro athu ankachedwa, mwezi wina mpaka tinayamba kubwerekana sopo. Wagolosale wa pamphambano, munthu woti ankatikongoza shuga akuseka, anapachika katoni yolembedwa kuti ngongole ayi, chifukwa nayenso omupatsa katundu anali atamukaniza. Mphunzitsi mnzathu wina wachikulire, wokonda wailesi, ankatifotokozera nthawi yopuma kuti boma likubwereka ndalama kuti libweze chiwongoladzanja cha ndalama zomwe linabwereka kale. Tinkamuseka kuti akufuna kuimira uphungu. Ine ndinkaseka nawo, koma maganizo anga ali pa chimakina cha m'munda mwathu.

Bambo, kumbali yawo, ankachisamalira chimakinacho ngati mlendo wolemekezeka. Anatchetcha udzu wozungulira. Mpando wake anauphimba ndi matumba a feteleza. Anamanga kadenga ka udzu pamwamba pa chiwongolero kuti mvula isalowe. Polima anasiya mizere isanu mbali zonse osabzala, kuti eni ake akadzabwera asadzavutike potuluka. Nkhuku zathu zinayamba kuikira mazira pansi pake, mavu anamanga pagalasi. Madzulo aliwonse asanalowe m'nyumba ankachizungulira kamodzi, manja kumbuyo.

Tsiku lina ndinapita mtauni ya Dedza kukaona ngati malipiro alowa. Anali asanalowe. Mzere wa galimoto zodikira mafuta unali utazungulira mpaka kuseri kwa msika, madalaivala atagona pamipando miyendo ili pawindo. Ndinaganiza zokaona kaofesi komwe kampani ija inkachita lendi. Ndinapeza loko wamkulu ndi mapepala omatidwa pachitseko, ena atayamba kuyuluka ndi dzuwa. Pobwerera ndinadutsa pampanda wina wawaya, ndipo mkati mwake munali zimakina zachikasu zitatu, zofanana ndi chathu, chilichonse chili ndi nambala yolembedwa ndi penti yoyera. Ndinafunsa mlonda wa pageti kuti ndi za ndani.

"Zolandidwa izi, mayi. Eni ake anagula pangongole ya kubanki. Zikudikira kugulitsidwa."

"Eni ake anadya ndalama?"

"Ena anadya. Ena akuti anagwira ntchito ya boma, ndalama osaiona. Zimabwera ndithu, mwezi ndi mwezi. Malo ayamba kuchepa."

Ndinakwera minibasi yobwerera. Nditafika ndinawapeza bambo akudyetsa ng'ombe makoko a chimanga, ndipo ndinawauza zonse ndili chiimire, chikwama chili paphewa.

"Za kubanki zili kubanki," anatero. "Ichi chili m'munda mwanga. Kiyi ali m'nyumba mwanga."

"Bambo, munthu sangakusiyireni chikole chinthu choti si chake."

"Ndiye anachibweretsa bwanji ngati si chake? Anachiba?"

Ndinalephera kuwafotokozera mowagwira mtima, chifukwa m'dziko lomwe iwo ankalidziwa munthu woyenda ndi chinthu masana, anthu akuona, ndiye mwini wake. Patapita milungu ingapo kunabwera munthu wina wa zitsulo, wa galimoto yopanda nambala kutsogolo, n'kunena kuti atha kugula batire, matayala ndi chikhasu chachikulu cha pansi pa chimakinacho. Ndalama yomwe anatchula ikanakwana kulipira amayi onse. Ndikuvomera, ndinawakakamiza bambo kuti alole. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

"Gulitsani! Anthu aja sabweranso! Mukusunga katundu wa anthu oti dzina lanu analiiwala kalekale!"

"Mwini wake sanakane kulipira," anatero bambo, mawu ali pansi. "Anati akubwera. Ndikachotsa ngakhale nati imodzi, wakuba ndine. Kusukulu kwanuko mumaphunzitsa ana zimenezi?"

Ndinapsa mtima masiku atatu, ndipo masiku atatuwo ndinkawapatsa chakudya osawayang'ana. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo zimenezo n'zomwe zinkandikwiyitsa kwambiri.

Kenako kwacha inagwa. Tinamva pawailesi m'mawa, pofika masana mitengo m'magolosale inali itasintha. Timiyala ta m'chitini cha bambo tinali tomwe tija, koma ndalama yomwe timiyalato tinkaimira inali itafota. Gawo la mayi mmodzi, lomwe poyamba likanagula thumba la feteleza, tsopano silikanakwana ndi theka lomwe. Dzinja lachiwiri chimanga cha asuweni chinatuluka chachikasu, chofika m'mawondo. Sanabwere kudzalalata. Chomwe chinachitika n'choti anasiya kuwanyoza bambo. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi ndinawamva akuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" atapinda bondo ngati akulonjera mlendo. Bambo anayankha mwaulemu womwewo. Ndinachita mantha kuposa tsiku lomwe ndinaona zimakina za pampanda paja.

Alendo anabwera Loweruka lina m'mawa, chisanu chitayambiranso, nkhungu isanachoke m'munda. Tinamva kulira kwa injini yolemera ikukwera mtunda movutikira. Chinali chilole chachitali chopanda mbali, kumbuyo kwake kukubwera galimoto yaing'ono. Bambo anasuzumira pakhomo, n'kubwerera m'chipinda mothamanga. Anatuluka atavala jekete lawo la ku Misa, kiyi ali m'dzanja limodzi, chitini cha timiyala m'dzanja linalo.

"Tulutsa mipando," anandiuza. "Ndinakuuza kuti adzabwera."

Sindinawaonepo akumwetulira choncho chimwalirireni amayi. Ndinatulutsa mipando.

M'galimoto yaing'onoyo munatuluka wapolisi mmodzi ndi mayi wachitsikana wovala chikhoti chachitali, atanyamula mapepala. Anali waulemu. Anakhala pampando, analandira moni, anafunsa za moyo. Kenako anati wachokera kubanki, ndipo anapereka pepala la kukhoti. Bambo analandira ndi manja awiri n'kundipatsa.

"Aphunzitsi, tiwerengereni."

Ulendo uno sindinadumphe mzere uliwonse. Pepalalo linati chimakinacho chinagulidwa ndi ndalama yobwereka, kampani yalephera kubweza, choncho banki ikutenga katundu wake kulikonse komwe ali. Ndinamasulira pang'onopang'ono, maso ali papepala.

"Kampaniyo ili ndi ngongole kwa ine," anatero bambo. "Ndi kwa amayi khumi a m'mudzi muno. Ichi ndi chikole chathu. Anasiya yekha kapitawo, pali mboni."

"Ndamva, bambo, ndipo pepani kwambiri," anatero mayiyo. "Koma chinali kale chikole chathu chisanafike kuno. Mukhoza kukalembetsa dandaulo lanu kwa omwe akuyendetsa za kampaniyo kulikulu. Kungoti ndisakunamizeni, mzere wake ndi wautali, ndipo anthu ngati inu amakhala kumapeto."

"Nanga boma? Si ndilo mwini mlatho? Lilipire kampaniyo, kampani itilipire ife, inunso ikulipireni."

Mayiyo anayang'ana wapolisi, kenako anayang'ana pansi.

"Bambo, boma nalonso lili ndi ngongole kwa ife."

Bambo anaimirira. Kenako anakweza kiyi uja m'mwamba, n'kunena kuti popanda ameneyu chimakinacho sichisuntha. Dalaivala wa chilole, yemwe anali akumasula kale matcheni, anayankha mosafuna kunyoza kuti asavutike, batire linafa kalekale, achita kuchikoka. Anyamata ake anakankhira pansi kadenga ka udzu kaja. Nkhuku zinabalalika zikulira. Chimakinacho chinakwera pachilole chikukwekwereza matayala ophwa, n'kudutsa bwinobwino m'mizere isanu ija yomwe bambo anawasiyira.

Nditatembenuka ndinaona kuti amayi aja anali ataima m'malire a munda, atafunda zitenje kumutu chifukwa cha chisanu. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Chilole chitapita panatsala dothi loyera lopanda udzu, ndi banga lakuda la oilo pakati pake.

Bambo sanadikire kuti wina adzawakumbutse. Tsiku la msika lotsatira anadzuka m'mawa, anazipatsa ng'ombe madeya ndi mchere, anazipukuta ndi chiguduli. Ndinati ndiwaperekeze, anakana. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana akutsika nazo, yakuda kutsogolo monga mwa masiku onse, yamawanga ikutsalira kuti ibudule udzu wa m'mbali mwa njira. Ndinamva pambuyo pake kuti anazungulira msika wonse kufuna mlimi woti azigule kuti zikapitirize kukoka ngolo. Alimi analipo ambiri, ndipo ankazisirira, koma wandalama panalibe. Amene anazigula anali opha nyama.

Lachinayi, mapemphero a mphakati atatha, bambo anakhuthula chitini chija pamkeka, anawerenga timiyala pamaso pa onse, n'kupatsa mayi aliyense gawo lake. Zomwe zinatsala anazigawanso, ati chifukwa ndalama ya chaka chino si yofanana ndi ya chaka chomwe anaswa miyala. Anabwera kunyumba m'thumba muli ndalama ya mchere yokha. Madzulo ake ndinayesa kuwapepesa za mzere uja ndinaudumpha. Anandidula.

"Iwe sunaname, mwanawe. Unati boma silithawa. Lathawa ngati? Lili komweko."

Mawa lake masana ndinali kuchapa pabwalo pomwe ndinaona asuweni akuwoloka mtsinje pamiyala, m'munsi mwa zipilala za mlatho, atasenza goli pankhata. Anakwera mtunda pang'onopang'ono osapuma. Atafika anagwada n'kulitula patsogolo pa bambo. Linali lonyezimira. Anali atalipaka mafuta, ndipo zingwe zake zakale zoduka anali atasintha n'kuikamo zatsopano zopota okha.

"Ngongole yatha, asuweni. Katundu wanu uyu. Muliyang'ane bwino, chiswe sichinalikhudze."

Bambo anawomba m'manja katatu monga amachitira wolandira chikole chake, n'kuthokoza kuti lasungidwa bwino. Asuweni anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kuti akufuna kunena kanthu kachipongwe, kaja ankanena kale. Maso awo anapita kukhola. Chitseko chake chinali chotsegula, ndowe za dzana zitayamba kuuma. Anatseka pakamwa, anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso.

Bambo ananyamula golilo n'kuyenda nalo kupita kukhola, komwe linkakhala zaka zonse. Atafika pachitseko anaima. Anaima nthawi yaitali, goli lili paphewa pawo, kenako anatembenuka n'kundifunsa kuti aliike pati.